Malipiro a famasisti: chimene chimawasiyanitsa ndi malo a ntchito komanso dera

Mafunso ali m'munsimu amachokera kwa ophunzira zamankhwala, makolo omwe akulipirira ana sukulu, ndi mafamasisti omwe akulingalira zochoka pomwe ali. Tayambira ku Malawi, kenaka Zambia, South Africa, Britain ndi America, komwe akatswiri ena akwathu amapita kapena amalakalaka kupita.

Anthu awiri anaphunzira kalasi imodzi ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Zimatheka bwanji kuti malipiro awo atalikirane chonchi?

Digiri ndi imodzi, kalata ya PMRA, bungwe lolembetsa mafamasisti ndi kuyang'anira mankhwala m'Malawi, ndi imodzi, koma thumba lomwe mukuchokera ndalama ndi losiyana. Wa m'boma amalipidwa ndi misonkho, ndipo salale yake imatsata giredi, kaya wathandiza odwala 40 kaya 400 patsikulo. Wa m'famase yogulitsa mankhwala amalipidwa ndi zomwe zalowa pakauntala. Wa kubungwe amadya ndalama ya opereka thandizo, yomwe kawirikawiri inawerengedwa m'madola pulojekiti isanayambe. Wa kukampani yoitanitsa mankhwala amadalira maoda ndi ma tender a boma, ndiye kuti mipikisano yopezera ntchito yopereka katundu.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu ofuna ntchitoyo pamalopo. Digiri ya famase inayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2006 ku College of Medicine, yomwe mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Kale mafamasisti ochepa omwe analipo anali ophunzira kunja, ndipo olemba ntchito ankachita kuwalimbirana. Lero omaliza maphunziro achuluka, ndipo ambiri amafuna Lilongwe kapena Blantyre. Mwini famase wa mu Limbe akalengeza ntchito amasankha pakati pa makalata angapo, choncho sakhala ndi chifukwa chokwezera mtengo.

Boma limawerengera bwanji salale ya famasisti?

Limawerengera ndi giredi. Magiredi a m'boma amayenda ndi zilembo, ndipo chilembo chikamayandikira A ndiye kuti udindo ndi salale zikukwera. Mwa chizolowezi cha m'boma, wa dipuloma amalowera pa K, wa digiri chapa I, ndipo a zaumoyo amawaikira H kutsogolo kwa chilembocho. Mkati mwa giredi iliyonse muli masitepe omwe munthu amakwera chaka ndi chaka, koma kusiyana kwa sitepe ndi inzake n'kochepa. Ndalama imasintha mooneka pokhapokha munthu akakwezedwa giredi, ndipo zimenezi zimadikira kuti pakhale malo opanda munthu, Treasury ivomereze ndalama yake, alengeze, munthu akachite intavyu n'kupambana. Zaka zimatha ndithu munthu ali pa giredi imodzi, osati chifukwa sagwira bwino ntchito, koma chifukwa pamwamba pake palibe mpando.

Kukweza salale kwa onse kumabwera ndi bajeti, boma likakambirana ndi Civil Servants Trade Union. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April, ndiye ndi nthawi imeneyo pomwe anthu amatchera khutu.

Boma linayesapo kusunga anthu ake ndi ndalama. Mu 2005, pansi pa Emergency Human Resources Programme, magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo anawonjezeredwa 52 peresenti pa salale, ndi thandizo la boma la Britain ndi Global Fund. Izi zinachitika chifukwa zipatala zinkataya anthu kupita kumabungwe ndi kunja.

Zomwe boma limaposa nazo ena sizioneka pa payslip. Ntchito ndi yokhazikika, penshoni ilipo, mabanki ndi ma SACCO amakongoza mosavuta chifukwa amadula okha pa salale, ndipo munthu angathe kupita kukachita masters akulandirabe salale, bola asaine kuti akabwerako adzagwira zaka zomwe agwirizana.

Nanga zipatala za mishoni?

Zipatala monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa ndi St Gabriel's ku Namitete zili pansi pa Christian Health Association of Malawi (CHAM). Mwa mgwirizano wa CHAM ndi boma, salale za ogwira ntchito omwe ali pa malo ovomerezeka zimachokera kuboma ndipo zimatsata magiredi omwewo. Kusiyana kumabwera ndi zowonjezera za chipatala chilichonse. China chimapereka nyumba pamishoni pomwepo, china chimawonjezerako kandalama kuchokera pa zomwe odwala amalipira, china sichiwonjezera kanthu.

Funso loyamba pa intavyu ya ku mishoni likhale lakuti: malowa ali pa mndandanda wa omwe boma limalipira, kapena chipatala chizilipira chokha? Ngati chizilipira chokha, salale yanu idzadalira momwe chipatalacho chikupezera ndalama mwezi umenewo.

Wa ku Chitipa kapena Nsanje amalandira zochepa kuposa wa ku Kamuzu Central?

Ngati onse ali m'boma ndipo giredi ndi imodzi, salale ndi imodzi. Chomwe chimasiyana ndi ndalama yotsala mwezi ukatha, ndipo apa nkhani siyenda mbali imodzi.

Kumaboma lendi ndi yotsika, ndipo pena chipatala chimakhala ndi nyumba zake. Munthu amayenda wapansi kupita kuntchito, pomwe mnzake wa mu Lilongwe akukwera minibasi ziwiri kuchokera ku Area 25 kapena ku Area 36. Chimanga, nyemba ndi ndiwo zamasamba amagula pamtengo wakumunda. Kuchipatala cha boma laling'ono famasisti amakhala yekha kapena awiri, ndiye maphunziro ndi misonkhano ya mapulogalamu a HIV, malungo, TB ndi katemera zimagwera iye, ndipo maulendo amenewa amabwera ndi alawansi. Ku Queen Elizabeth kapena ku Mzuzu Central mwayi womwewo amagawana anthu ambiri.

Koma m'tauni muli ntchito zapambali. Womaliza ntchito 4:30 angathe kukagwira locum, ganyu ya maola ochepa, m'famase kapena m'chipatala cha pulayiveti madzulo ndi Loweruka, kapena kukaphunzitsa maola ochepa pakoleji. Ku Likoma kapena ku Neno zimenezi kulibe. Onjezani mtengo wa ulendo wokaona banja, sukulu ya ana yomwe mwina ili kutali, ndi ntchito ya amuna kapena akazi anu yomwe siingasamuke.

Pali china chomwe achinyamata sachiwerengera: kulemera kwa udindo. Famasisti wa pa district hospital amasunga makiyi a sitolo ya mankhwala ndipo amayang'anira mankhwala a zipatala zonse zazing'ono za m'bomalo. Amaonetsetsa kuti makadi a sitoko akugwirizana ndi zomwe zili pashelefu, malipoti a mwezi alowa mu OpenLMIS (pulogalamu ya pakompyuta yolondolozera sitoko ya mankhwala), oda yapita ku Central Medical Stores Trust, ndipo buku la mankhwala oopsa monga morphine ndi pethidine lalembedwa mpaka botolo lomaliza. Katoni imodzi ya LA, mankhwala a malungo, ikasowa, ofufuza za kubedwa kwa mankhwala amayambira pa iye. Udindo wonsewu salale yake ndi yomweyo ya mnzake yemwe akungogawa mankhwala pawindo la chipatala chachikulu.

Famase zogulitsa mankhwala zimalipira bwino kuposa boma?

Nthawi zambiri nambala ya pakalata imakhala yokwererapo, koma palibe sikelo. Mwini famase aliyense amapereka zomwe akuona kuti angakwanitse, ndipo famase ya pamsika waukulu wa mu City Centre siingafanane ndi ya pa trading centre. Lamulo limafuna kuti famase ikhale ndi famasisti wolembetsedwa woiyang'anira, ndipo apa ndi pomwe pali mphamvu yanu pokambirana: popanda inu, chiphaso cha PMRA sichituluka.

Musanayerekeze, gawani salale ndi maola. Nachi chitsanzo cha masamu chabe, osati mitengo ya pamsika. Famase ikupereka K1,200,000 pamwezi, maola 10 patsiku, masiku 6 pasabata. Amenewo ndi maola pafupifupi 260 pamwezi, kutanthauza K4,615 pa ola. Ntchito ina ikupereka K900,000 pa maola 40 pasabata, omwe ndi maola 173 pamwezi, kutanthauza pafupifupi K5,200 pa ola. Yooneka yaing'ono ija ndiyo ikulipira bwino, ndipo ikukusiyirani Loweruka.

Lamulo la Employment Act limaika maola 48 pasabata. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, yomwe imalipidwa kamodzi ndi theka pa tsiku wamba, ndi kawiri pa tsiku lopuma kapena la holide. Makontilakiti ambiri a m'mafamase amangoti salale yaphatikiza zonse. Mawu amenewo afunseni tanthauzo lake musanasaine.

Salale ya m'famase imagwedezekanso ndi zinthu zomwe famasisti sangazilamule. Mankhwala ambiri amachokera kunja, makamaka ku India, ndiye madola akasowa m'mabanki mashelefu amayera ndipo malonda amatsika. Famase yodalira makasitomala a sikimu ya chipatala ya MASM ndi masikimu ena imapereka mankhwala lero n'kudzalandira ndalama pambuyo pake. Malipiro a sikimu akachedwa, mwini famase amasankha pakati pa kulipira wogulitsa katundu ndi kulipira antchito.

Bwanji osangotsegula famase yangayanga?

Pamenepo simulinso pa salale, muli pa phindu, ndipo miyezi yoyamba phindu limakhala lisanabwere. Ndalama imathera pa lendi, mashelefu, fuliji, chiphaso, ndi sitoko yoyamba. Zomwe zimagwetsa famase zatsopano n'zodziwika. Kuoda mankhwala odula omwe sayenda, n'kutha nthawi ali pashelefu. Kusatsata lamulo lotulutsa kaye omwe akutha nthawi msanga. Magetsi kuzima usiku wonse popanda jenereta kapena sola, insulin ndi katemera zomwe zimafuna madigiri 2 mpaka 8 n'kuwonongeka. Ngongole kwa achibale ndi anzanu. Ndi kutapa m'kabati ya ndalama ngati m'thumba lanu, mpaka tsiku loodanso katundu n'kupeza mulibe. Dziikireni salale yokhazikika ngati wantchito wina aliyense, phindu muziliona pakutha pa miyezi itatu.

Ena amangopereka satifiketi yawo kwa mwini famase n'kumalandira pamwezi osapitako. Kodi imeneyi si ndalama yaulere?

Ayi. Dzina lomwe lili pachiphaso ndilo limayankha mlandu. Famase imeneyo ikapezeka ndi mankhwala olembedwa kuti ndi a boma, mankhwala osalembetsedwa m'dziko muno, kapena ikugulitsa maantibayotiki ndi tramadol popanda kalata ya dokotala, oyendera a PMRA adzafuna famasisti woyang'anira, ndipo kunena kuti simunalipo n'kudziulula nokha kuti munaphwanya lamulo. Chilango chingafike pochotsedwa m'kaundula, ndiye kuti ntchito yanu yeniyeni yathanso. Mapanga awiri avumbwitsa. Locum ndi yosiyana ndi zimenezi: mumakhalapo nokha, maola odziwika, abwana anu akudziwa.

Mabungwe ndi malo a kafukufuku ndiye kuli ndalama, si choncho?

Pa salale ya pamwezi, inde, kawirikawiri ndi komwe kumatsogola. Malo monga Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ndi Johns Hopkins Project ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe, kapena Partners In Health ku Neno amalemba mafamasisti a kafukufuku ndi oyendetsa katundu wa zaumoyo. Ntchito za mtunduwu zimakonda kubwera ndi sikimu ya chipatala ya banja, ndipo makontilakiti ena amakhala ndi gratuity, ndalama yolandira kamodzi kontilakiti ikatha.

Amalipira bwino chifukwa amafuna luso lomwe digiri yokha siipereka. Famasisti wa kafukufuku amayenera kukhala ndi satifiketi ya Good Clinical Practice, kulemba kutentha kwa fuliji ndi chipinda tsiku lililonse osadumphitsa, kuwerengera piritsi lililonse lomwe latuluka ndi lomwe labwerera, ndi kusunga chinsinsi cha yemwe akulandira mankhwala enieni ndi yemwe akulandira ongoyerekeza. Kulakwitsa pamenepa kungaimitse kafukufuku yense. Wa zoyendetsa katundu amayenera kudziwa kulosera kuchuluka kwa mankhwala ofunika pachaka kuchokera pa malipoti a zomwe zagwiritsidwa ntchito.

Vuto lake ndi kutalika kwa ntchito. Kontilakiti imakhala ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mumakhala mawu akuti ipitirira ngati ndalama ilipo. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lakunja, ogwira ntchito m'mapulojekiti ambiri a zaumoyo m'Malawi, Zambia ndi Mozambique anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ndipo ena sanabwererenso. Amene ali kubungwe aziika padera ndalama yokwana miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo asatenge ngongole ya zaka zisanu pa kontilakiti ya zaka ziwiri.

Kupatula chipatala ndi famase, kulinso kwina?

Kuli makampani oitanitsa ndi kugulitsa mankhwala mopikulitsa, omwe nawonso lamulo limawafuna kukhala ndi famasisti. Kuli mafakitale ochepa monga Pharmanova ku Blantyre, SADM ku Lilongwe ndi Kentam ku Mzuzu, komwe ntchito ndi yopanga ndi kuyeza ubwino wa mankhwala. Kuli PMRA ndi Central Medical Stores Trust, omwe ali ndi masikelo awoawo osiyana ndi a m'maunduna, n'chifukwa chake malo akatuluka kumeneko makalata amachuluka. Kuli kuphunzitsa kuyunivesite, komwe kukwera kumadalira masters, PhD ndi zofalitsa. Ndiye kuli oyenda m'zipatala kutsatsa mankhwala a kampani. Awa salale yawo imakhala yapakatikati, yotsalayo ndi komishoni, galimoto ndi mafuta. Funsani kuti komishoniyo imawerengedwa pa katundu wotuluka kapena pa ndalama yomwe yalowa, chifukwa kasitomala akachedwa kulipira kusiyana kwake n'kwakukulu.

Andiuza salale ya K1,000,000. Ndizilandira zingati m'manja?

Muyambe mwafunsa ngati nambalayo ndi ya asanadule kapena atadula. Tiwerengere ndi magawo a PAYE a chaka cha 2024/25. K150,000 yoyamba inalibe msonkho. K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, yomwe ndi K87,500. Kuchokera pa K500,000 kufika K2,550,000 inali 30 peresenti, ndiye pa K500,000 yotsalayo msonkho ndi K150,000. PAYE yonse ndi K237,500. Penshoni ya wantchito ndi 5 peresenti, K50,000, pomwe wolemba ntchito amaikapo 10 peresenti yake. M'manja mumatsala K712,500, musanachotse ngongole, sikimu ya chipatala ndi chopereka cha bungwe la ogwira ntchito. Pa K2,000,000 masamu omwewo amapereka PAYE ya K537,500, penshoni K100,000, kutsala K1,362,500.

Magawowa amasintha ndi bajeti, choncho tengani atsopano ku MRA n'kutsata njira yomweyi. Onaninso momwe salaleyo yagawidwira. Penshoni imawerengedwa pa gawo lomwe kontilakiti yalitcha la penshoni, ndiye wolemba ntchito akaika basic yaing'ono n'kuunjika maalawansi, m'manja mumaoneka bwino koma penshoni imafooka. Ndipo funsani sitetimenti ya penshoni kamodzi pachaka. Kudula pa payslip ndi kutumiza kukampani ya penshoni ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Musaiwale kuti kukhalabe m'kaundula wa PMRA kuli ndi ndalama yake ya pachaka. Olemba ntchito ena amalipirira, ena ayi.

Kugwa kwa kwacha kumakhudza onse mofanana?

Ayi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Salale ya K1,000,000 yomwe inali madola pafupifupi 850 inasanduka madola 590 usiku umodzi. Wa kubungwe lomwe limamangirira salale ku dola anakwezeredwa. Wa m'boma anadikira bajeti. Wa m'famase anadalira mtima wa abwana. Pa intavyu ya kubungwe, funso lakuti salale imaunikidwanso kwacha ikagwa kapena ayi ndi lofunika kuposa kukanganirana K50,000.

Teknishani ndi famasisti amasiyana bwanji pa malipiro?

Teknishani ali ndi dipuloma, monga ya ku Malawi College of Health Sciences, ndipo wothandizira m'famase ali ndi satifiketi. M'boma aliyense amalowera giredi yake, ndipo denga la teknishani limafika msanga. M'zipatala zambiri za kumidzi teknishani ndiye amanyamula ntchito yonse, koma salale imatsata pepala. Wofuna kukwera njira yake ndi kubwerera kusukulu kukatenga digiri, kuchita internship, n'kulembetsanso ngati famasisti. Ngakhale atatero, giredi siisintha yokha: amadikira malo a famasisti atuluke.

Ku Zambia zili bwanji?

Kumeneko wolembetsa mafamasisti ndi Health Professions Council of Zambia, woyang'anira mankhwala ndi ZAMRA, ndipo wogawa mankhwala a boma ndi ZAMMSA. Chosiyana kwambiri ndi kwathu n'chakuti boma la Zambia limalipira dera mwachindunji: alawansi ya kumudzi ndi 20 peresenti ya basic, ya kumalo akutali kwambiri ndi 25 peresenti. Choncho wa pachipatala chakumudzi ku Lundazi kapena ku Chama angathe kuposa mnzake wa giredi yomweyo ku Lusaka. Pa salale amadula 5 peresenti ya NAPSA, yomwe ndi penshoni, ndi 1 peresenti ya NHIMA, inshuwalansi ya chipatala. Ntchito za pulayiveti zaunjikana ku Lusaka ndi ku Copperbelt, komanso m'zipatala za migodi.

Ku Joni amati famasisti amalandira zoposa R60,000 pamwezi. N'zoona?

Nambalayo ili ndi pochokera, koma imafuna kuimasulira. M'boma la South Africa mafamasisti ali pa Occupation Specific Dispensation, sikelo ya malipiro yotsata mtundu wa ntchito, ndipo mu 2024 Pharmacist Grade 1 ankayambira pa R800,000 ndi kakusefukira pachaka. Imeneyi ndi phukusi lonse: mkati mwake muli basic, gawo la boma la penshoni, ndi ndalama yomwe munthu amaigawa yekha ku sikimu ya chipatala, nyumba kapena cheke cha 13. Akadula msonkho ndi penshoni, yofika kubanki imatsika kwambiri.

Kukwera kwake kumatsata zaka. Grade 2 imafuna zaka 5 chilembetsereni, Grade 3 zaka 13, ndipo kwa ophunzira kunja amawonjezera chaka chimodzi, kukhala 6 ndi 14. Dera nalo limalipidwa: zipatala zosankhidwa za kumidzi zimapereka 12 peresenti ya basic, za m'madera osaukitsitsa 17 peresenti. Ku pulayiveti olemba ntchito aakulu ndi Clicks, Dis-Chem, ndi zipatala za Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, komanso mafakitale monga Aspen ku Gqeberha.

Khomo lake ndi lopapatiza. Pamafunika kuti SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro, iunike digiri yanu, unduna wa zaumoyo upereke kalata yovomereza, mukhoze mayeso a South African Pharmacy Council, kenaka chilolezo chogwirira ntchito. Ndipo m'zaka zaposachedwa mafamasisti a konko omaliza community service, chaka chokakamizidwa chotumikira anthu, akhala akudandaula kuti boma silikuwalemba, ndiye mlendo amakhala kumapeto kwa mzere.

Nanga ku Britain?

Ku NHS, zipatala za boma za kumeneko, malipiro ndi osabisika, aliyense angawaone. Mu 2025/26 ku England wongolembetsa kumene ankalowa Band 6, kuyambira £38,682 mpaka £46,580 pachaka. Band 7 inali £47,810 mpaka £54,710, ndipo Band 8a inkayambira pa £55,690. Sabata ndi maola 37.5, tchuthi ndi masiku 27, kuwonjezera apo maholide 8. Ntchito ya usiku ndi Loweruka imawonjezera 30 peresenti pa ola, Lamulungu 60 peresenti. Wolemba ntchito amaika 23.7 peresenti ku penshoni, chinthu chomwe famase za m'misewu sizifikapo.

Dera limalowa m'njira ziwiri zotsutsana. Ku NHS, London imalipira zambiri: 20 peresenti pakati pa mzinda, 15 kunja kwake, 5 m'mphepete, chilichonse chili ndi malire ake. Koma m'famase za m'misewu monga Boots, makamaka kwa a locum olipidwa pa ola, zimatembenuka. M'mizinda ikuluikulu monga London, Birmingham ndi Manchester mafamasisti ndi ambiri ndipo mtengo wa ola ndi wotsika, pomwe ku Cornwall, kumidzi ya Wales ndi kumpoto kwa Scotland umakwera chifukwa anthu safuna kupitako. Scotland ilinso ndi sikelo yakeyake ya NHS, yokwererapo kuposa ya England.

Woyamba Band 6, akadula msonkho wa 20 peresenti, National Insurance ndi penshoni, amatsala ndi pafupifupi £2,350 pamwezi. Mukaisintha m'makwacha imazunguza mutu, koma lendi, council tax, magetsi ndi gasi wotenthetsera nyumba, ndi kolera ana zimalipidwa m'mapaundi omwewo.

Digiri ya ku Malawi siilowa mwachindunji. General Pharmaceutical Council imafuna mayeso a Chingerezi, IELTS 7 pa gawo lililonse kapena OET giredi B, kenaka kosi ya chaka chimodzi ya mafamasisti ophunzira kunja yotchedwa OSPAP m'mayunivesite monga Aston, Brighton, Hertfordshire ndi Sunderland, yomwe mumalipira nokha pamtengo wa ophunzira akunja. Pambuyo pake pali masabata 52 a foundation training, kugwira ntchito moyang'aniridwa, ndi mayeso olembetsera. Ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo musanaone salale ya Band 6. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zili pa mndandanda wa WHO wa mayiko osowa ogwira ntchito zaumoyo, choncho olemba ntchito a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anthu kuno, ngakhale munthu payekha ali ndi ufulu wofunsira. Ejenti wokuuzani kuti akupezerani ntchito ya ufamasisti ku NHS popanda OSPAP, bola mulipire kaye, akukunamizani.

America ndiye pamwamba pa onse?

Pa nambala, inde. Bureau of Labor Statistics inapeza kuti mu May 2024 salale yapakati ya famasisti inali $137,480 pachaka. California imatsogola, ndipo zipatala zimalipira kuposa masitolo ogulitsa mankhwala, omwenso akuchepa: Walgreens inalengeza mu 2024 kuti itseka masitolo 1,200, ndipo Rite Aid inatsekeratu mu 2025. Wophunzira kunja amadutsa FPGEE (mayeso a mafamasisti ophunzira kunja), TOEFL (mayeso a Chingerezi), maola a internship omwe state iliyonse imaika, NAPLEX (mayeso opezera chiphaso) ndi mayeso a malamulo. Chopunthwitsa ambiri n'chakuti omaliza maphunziro kuyambira 2003 amafunika digiri ya famase ya zaka zisanu, ndiye muyambe mwatsimikiza kuti zaka za digiri yanu aziwerenga bwanji musanawononge ndalama pa mayeso.

Ndisanasaine kontilakiti, ndifunse chiyani?

Funsani salale asanadule ndi atadula, ndi gawo lomwe penshoni iwerengedwerepo. Funsani maola, masiku a sabata, ndi momwe amalipirira ovataimu ndi kuitanidwa usiku. Probation isapitirire miyezi 12, ndipo kalata inene ngati salale isintha ikatha. Sikimu ya chipatala ndi ya inu nokha kapena ndi banja, ndipo ana angati? Ngati ndi kontilakiti ya nthawi, pamapeto pali gratuity kapena ayi? Mukachotsedwa chifukwa ntchito yachepa, lamulo limapereka severance, ndalama ya chipukuta misozi, ya malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi anayi kupitirira apo.

Kwa wolowa m'famase kapena m'nyumba yosungira mankhwala pali funso linanso lomwe ambiri amaliiwala: sitoko ikaperewera kapena mankhwala akatha nthawi, amalipira ndani? Pali makontilakiti omwe amadula zimenezi pa salale ya famasisti. Musalandire makiyi musanawerengere limodzi sitoko yonse ndi amene akukusiyirani, nonse n'kusaina papepala lomwe lili ndi deti, manambala a batch ndi masiku othera ntchito a mankhwalawo, ndipo kope imodzi musunge kwanu.